Zinya Ananditcha Titiya

Dzina langa litatuluka kusukulu ya uphunzitsi kuti ndikachite estajiyo, kuphunzitsa koyeserera, ku Malawi chaka chathunthu, ndinavomera ndisanafunse munthu. Ndine wotero ine, ndimayamba ndadumpha, dzenje ndimaliona pambuyo. Kwathu ku Chiuta, tsidya lino la malire, anandiseka. Amalume anati, "Kunja kwake n'kumeneko? Tsidya ili, komwe timakagula shuga? Ife tinakhalako nthawi ya nkhondo opanda ndi pasaporti yomwe." Ndinawauza kuti akunditumiza ku Mzimba, kumpoto kwenikweni, koma iwo anangoti Malawi ndi Malawi.

Anzanga ankakonzekera ulendowu pogula nsapato, majuzi ndi mabuku a Chingelezi. Ine ndinali ndi Zinya, mwana wanga, akadali pabere. Za bambo ake tizisiye, anakwera shapa, minibasi ya ku Nampula, kalekale. Amayi sanapite m'mbali. "Mwana woyamwa samusiya. Ukadzabwera adzakuyang'ana ngati wogulitsa tomato." Mawuwo anandilasa, koma ulendo sindinasinthe. Mwayi wotere sudutsa kawiri pakhomo pa munthu.

Amene anandiombola ndi mkulu wanga, a mana Roza. Ukwati wawo unatha chifukwa sanaone mwana, ndipo ankakhala okha kuseri kwa nyumba ya amayi. Anati, "Bwera naye kuno. Iwe kaphunzire, tisafe tonse ndi khasu."

Ndiye kukonzekera kwanga kunali kumuletsa mwana kuyamwa. Amayi anandipaka tsabola kumabere, Zinya analawa kamodzi n'kundiyang'ana ngati ndamuba. Kwathu amati mwana woletsedwa bere asamaone mayi ake pafupipafupi, kuti aiwale msanga. Choncho masabata anga omaliza pamudzi ndinawathera pobisalira mwana wanga yemwe. Ndikamva akubwera ndinkathawira kuseri kwa nkhokwe, munthu wamkulu, purofesora wamawa, monga timatchulira mphunzitsi kwathu, n'kumasuzumira. Tsiku lonyamuka a mana anam'bereka n'kupita naye kudimba kuti asandione. Sindinatsanzike.

Ku Mzimba kunali chisanu cholowa m'mafupa. Ndinkadzitama kuti Chichewa ndachidziwa kale, kufika kumeneko anthu onse Chitumbuka. Ana a Sitandade 5 ankaseka Chingelezi changa, ati chikumveka ngati ndikuyimba. Ndinkaseka nawo, kenako n'kuwapatsa ntchito yoti atuluke thukuta. Pakutha kwa teremu yoyamba kalasi inali m'manja mwanga, ndipo izi sindibisa, ndine mphunzitsi wabwino. Zomwe ankaona anthu n'zimenezo. Sankadziwa kuti masiku oyambirira mkaka unkatuluka ndili pabolodi, ine n'kumaphimba chifuwa ndi buku mpaka belu lilire.

Ndalama yomwe ankatipatsa inkachedwa, ikafika inkathera lendi, makala ndi mayunitsi. Kangachepe kotsala ndinkatumiza kudzera kwa ochita malonda a nsomba. A mana sanadandaulepo. Lamlungu ankakwera pachulu kufunafuna netiweki, n'kumuika Zinya foni kukhutu. "Lankhula ndi amako." Ine ndinkangomva kupuma. Tsiku lina ndinamva akuti "mama, mama," ndinayesa akuitana ine, kenako ndinazindikira kuti akufuna a mana amutsitse pansi. Ndinalira tsikulo, ndipo ndinawachitira nsanje mkulu wanga, munthu amene ankandilelera mwana kwaulere.

Lero ndikuphunzitsa ku Insaca, ana amati purofesora Lusiya amalankhula ngati wailesi ya ku Malawi. Koma tsiku lomwe ndinabwerako silinali lachikondwerero monga ndinkalotera. Ndinatsika panjinga ndi diresi yatsopano m'chikwama, Zinya anabisala m'kapulana, chitenje cha a mana. Iwo anamukankhira kwa ine. Mwanayo anandipatsa dzanja mwaulemu ngati mlendo, nati, "Titiya," monga ana kwathu amaitanira azakhali. Amayi anangotembenukira kumphika, osanena kuti ndinakuuza.

Sindinagonje. Ndinayamba kumusambitsa ndekha, kumuluka tsitsi, kumuyimbira tinyimbo ta ku Mzimba tomwe tinkamuseketsa. A mana ankandithandiza pochita zomwe ine ndinachita kale, ankachoka dala. Ankapita kudimba m'mawa n'kubwera dzuwa litapendeka, ngakhale kunalibe choti n'kulimira. Ine ndinkangoti ndi khama lawo lija.

Tsiku lina masana Zinya akuthamangitsa anapiye anapunthwa pamwala n'kudzisupula bondo. Anadzuka akukuwa, anayang'ana uku ndi uku, n'kuthamangira kwa ine. "Mama!" Ndinamunyamula ndi chimwemwe, ndinafuna mudzi wonse umve. Nditadzutsa mutu ndinaona a mana Roza ali chiimire pakati pa bwalo, ataponya tsache pansi, manja onse atatambasula kale. Anawatsitsa pang'onopang'ono, n'kuwapukuta pakapulana ngati anali onyowa.

Chaka chonse ndinkawerengera zanga zokha, kuti ndataya mwana. Sindinaganizepo kuti kubwera kwanga kukulanda munthu wina mwana yekhayo amene anam'berekapo kumsana.

Ndinayenda mpaka pomwe anaima. "Mana, taonani bondoli, ine za mabala sindizidziwa."

Anandiyang'ana. Ankadziwa kuti ndikunama. Anamulandira, n'kuuzira pabalapo, nati, "Tonthola, mwanangu, amako onse tili pano."