Zala za Mwana wa Telala

Mumsewu mwathu tonse tinkamutchula kuti Katswiri, ndipo sikunali kumutama ayi. Anali mwana wamwamuna yekhayo wa telala wa pakona paja, mkulu wokonda nyimbo koma wa khutu louma ngati chikopa cha nsapato.

Katswiri ali wamng'ono, bambo ake anagula kiyibodi yakale, ya mtundu uja wokhala ndi kabatani kofiira koti ukangokadina imadziyimbira yokha nyimbo yonse. Mwana, pokhala mwana, anakadina n'kumayendetsa zala pamwamba. Telala anatuluka m'shopu tepi ili m'khosi, n'kuima chilili, misozi ili chuchuchu.

"Amayi ake, tabwerani! Tabereka mfiti ya nyimbo!"

Mayi ake ankadziwa za kabataniko. Alongo ake ankadziwanso. Ife oyandikana nawo tinkadziwa bwino lomwe, koma tikanaulula tikanamaseka chiyani?

Kuyambira tsiku limenelo mwana analetsedwa kugwira singano. Chondiwawa mpaka lero n'chakuti kusoka ndiko ankakutha, ndipo ankakukonda. Bambo ake akapita kukagula nsalu, iye ankakhala pamakina n'kusoka kolala yowongoka kuposa ya eni shopu. Akamupezerera, linali khofi la kukhutu.

"Ukufuna uzibaye zala zimenezo? Kusoka n'kwa ife mbuli!"

Mphunzitsi wina wa nyimbo anamuyesa n'kunena zoona, kuti mwanayu nyimbo sizimulowa. Telala anati imeneyo ndi nsanje. Katswiri anafika pomera ndevu manja ali ofewa, ntchito alibe, mkazi alibe, alendo akabwera akudinabe kabatani kake.

Telala atadwala mwakayakaya anagawa katundu. Makina ndi shopu anati zipite kwa mkamwini, munthu wosatha ngakhale kulowetsa ulusi pasingano. Kwa Katswiri kunapita kiyibodi.

Apa m'pamene mwana wa eni analimba mtima. Ananyamula kiyibodi ija n'kukaiika pabedi la wodwala, achibale ali pomwepo.

"Bambo, ine ndikufuna makina. Chonde, yang'anitsitsani."

Anadina kabatani pamaso pawo, n'kupinda manja kumbuyo. Nyimbo inalira yokha mpaka kumapeto.

Mkulu uja anamwetulira, n'kutembenukira kwa mkamwini.

"Mwaonatu? Pano akuyimba osagwira n'komwe. Munthu ngati ameneyu ndimupatse makina? Tengani makiyi a shopu, bambo."