Nyemba za amayi m'mabedi a kabichi

Amuna anga anali munthu wabwino, koma buku limodzi linatsala pang'ono kutipasulira banja. Silinali buku la sukulu kapena la nyimbo za kutchalitchi ayi. Linali buku la mbewu, lodzaza ndi zithunzi za kabichi ndi karoti.

Nthawi imeneyo tinali titangokwatirana kumene, tikukhala pa esiteti ina ya tiyi chakumtunda kwa Luchenza. Iwo ankagwira ntchito m'munda wa ndiwo zamasamba wa dona, mkazi wa mzungu woyang'anira esitetiyo. Ine ndinkathyola tiyi m'dzinja, ndipo chisanu chikafika, tiyi atadulidwa, ndinkapeza mpata wosamala kadimba kathu kumtsinje. Kanali kadimba kakang'ono zedi, koti ukayetsemula kumtunda, mnansi wakumunsi amapukuta nkhope.

Chaka chilichonse chiperoni chikayamba, dona ankakhala pakhonde atafunda bulangete, n'kumatsegula bukulo ndi kulemba kalata yoitanitsa mbewu ku Joni. Mbewuzo zinkabwera pa sitima yapamtunda, zili m'timapepala tomata. Chaka chimenecho, pokondwera ndi ntchito ya amuna anga, anawauza kuti nawonso aloze zimene akufuna kuti aziwonjezere m'kalatamo, ndipo anawabwereka bukulo masiku awiri. Analowa nalo m'nyumba atalikulunga m'tsamba la nthochi, akuyenda ngati anyamula mazira.

Ine kuwerenga ndinaphunzirako ku mishoni ku Makwasa, koma Chizungu cha m'bukumo chinandikanika, choncho tinasankha ndi maso basi. Iwo analoza kabichi wamkulu ngati mutu wa munthu, karoti, letesi, ndi chinthu china chofiira chimene tonse sitinachidziwe, koma anati chikuoneka chaulemu. Ndinawakumbutsa kuti letesiyo dona amangomudya wosaphika ngati mbuzi. Anandiyankha kuti ndine wakumudzi. Ndinaseka, poti iwonso anakulira m'mudzi woyandikana ndi wathu.

Kalata itapita, amuna anga anatenga chingwe ndi zikhomo n'kukayeza dimba lonse monga ankachitira kwa dona. Anapanga mabedi asanu owongoka bwino, lililonse ndi kamtengo kosonyeza chimene chidzabzalidwe. Sanasiye malo ngakhale oponda phazi. Apa m'pamene ndinafunsa kuti nyemba zanga zipita pati.

"Mayi, inotu tsopano ndi gadeni, si dimba," anatero. "Nyemba zanuzo zidikire mvula."

Kudikira mvula kunali kuzitaya. Nyembazo zinali zofiirira, zamawangamawanga, ndipo pa esiteti yonse panalibe wina amene anali nazo. Amayi anga anabwera nazo kuchokera kutsidya la Ruo pothawa ntchito yokakamiza ya Apwitikizi, atazimanga pansonga ya nsalu. Iwo anamwalira kutatsala miyezi yochepa kuti ndikwatiwe. Dzinja lotsatira dzombe linatidyera munda, ndipo zimene ndinapulumutsa zinangodzaza manja awiri. Ndinazisunga m'kamphika pamodzi ndi phulusa, koma anankafumbwe anali atayamba kale kuboola. Kwathu mbewu ikachepa chotero timaichulukitsa kudimba nthawi yachisanu, kuti mvula ikagwa ikwanire munda.

Zonsezi amuna anga sindinawafotokozere. Ndinali ndi mtima wapachala, ndipo ndinaganiza kuti munthu wondikonda ayenera kudziwa yekha. Ndinangoti chabwino, n'kuwaphikira ndiwo zopanda mchere masiku atatu.

Ndiye tinayamba kudikira. Mtengatenga wa pa esiteti ankapita ku siteshoni ku Luchenza mlungu uliwonse, n'kubwerako ndi makalata, sopo ndi mafuta a nyale, koma phukusi la mbewu osaoneka. Amuna anga ankapitabe kudimba kukasalaza mabedi opanda kanthu ndi kuzula kaudzu kalikonse. Anansi athu, amene mpiru wawo unali utabiriwira kale, sanawasiye. Wina ankafunsa ngati kabichi wa ku Joni amamera chozondoka, masamba kuloza pansi. Wina anapempha kuti amuthyolereko pang'ono poti kwake kwabwera alendo. Atatopa ndi chipongwecho, amuna anga analumbira kuti sapondanso kumtsinje mpaka phukusi litafika.

Ine ndinaona kuti mwayi ndi womwewu. Nditatsegula kamphika ndinapeza ufa wa anankafumbwe wachuluka pansi. M'mawa mwake iwo atapita ku ntchito, ndinasankha nyemba zosabooka n'kukazibzala m'mabedi awiri a kabichi. Kunena zoona, mabediwo anali abwino: dothi lofewa, manyowa okwanira. Nyemba zinamera mosangalala, ndipo patatha milungu itatu zinali zitatambasula masamba. Madzulo alionse ndinkati ndiwauza lero, koma ndikaona nkhope yawo yodikira sitima, ndinkati ndinena mawa.

Phukusi linafika tsiku lina masana. Chifukwa cha chimwemwe, amuna anga sanadzere kunyumba, analunjika kudimba timapepala tili m'thumba la malaya. Ine ndinali kutsika ndi mtsuko kuti ndikathirire. Ndinawapeza atazula bedi limodzi lonse ndi theka la linalo, nyemba zili mulu m'mphepete, iwo akulalatira anansi kuti chipongwe chawo chafika poipa, mpaka kubzala zinthu m'gadeni ya eni ake.

Mtsuko ndinautula bwinobwino, sindidziwa kuti ndinatha bwanji. Ndinawauza kuti wabzala ndine. Anatembenuka ali ndi mkwiyo wonse, pakamwa patatseguka kale, koma ndinawatsogolera.

"Bambo, nyembazo ndi za amayi. Anawoloka nazo Ruo pansalu. M'kamphika simunatsale ina, zonse ndinabzala muno."

Ndinalira pamenepo, ndipo sindinabise. Iwo anayang'ana muluwo, kenako anafunsa motsitsa mawu kuti bwanji sindinanene. 

Anavula malaya, timapepala take tili momwemo, n'kuwaponya pa udzu. Anagwada n'kuyamba kutola mbande imodziimodzi, kuviika mizu m'matope ndi kuibwezera m'dothi. Kenako anadula timitengo ndi udzu n'kumanga kamthunzi pamwamba, monga amachitira ndi mbande za tiyi ku nazale. Anansi aja, amene anali atatalikitsa makosi kuti aonere ndewu, anabwera mwakachetechete ndi zitini zawo zamadzi. Nyemba siikonda kuzulidwa. Ngakhale ankathirira m'mawa asanapite ku ntchito ndi madzulo akaweruka, zambiri zinafota. Zinagwira zochepa, kuwonjezera pa theka la bedi limene linapulumuka lija.

Mbewu za ku Joni zinapanikizana m'mabedi atatu otsalawo. Kabichi anachita bwino, ngakhale sanafike pa mutu wa munthu wa m'chithunzi. Letesi ndinamuyesa kuphika ndi nsinjiro, anangosungunuka n'kusanduka madzi obiriwira. Chinthu chofiira chaulemu chija chinatiopsa tonse m'mawa mwake titadya, titaona mkodzo wathu uli wofiira ngati magazi, mpaka dona anachita kuwatsimikizira amuna anga kuti si matenda. Tinadya kabichi mpaka fungo lake linalowa m'zofunda.

Nyemba zitauma ndinakolola zodzaza kansengwa kamodzi. Sitinaphikeko ngakhale imodzi. Amuna anga, amene ankakonda nyemba kuposa nyama, ankadutsa pa kansengwako tsiku ndi tsiku osapempha n'kulawa komwe.

Mvula yoyamba itagwa anakapempha tsiku limodzi kwa dona, chinthu chimene anali asanachitepo. Tinapita kumunda mbandakucha, iwo patsogolo akukumba mapando, ine pambuyo ndikuponya mbewu ndi kukwirira ndi phazi. Titafika pa mzere womaliza anaika khasu pansi, napukuta dzanja pa kabudula, n'kulitambasula kwa ine.

"Ndipatseniko ziwiri ndibzale nanenso," anatero. "Apongozi anga sindinawalimirepo."