Kutupa Kumene Kunandichotsetsa Sukulu

Kupweteka kunayamba mu Novembala, temu yoyamba ya Fomu 3, mvula itangoyamba kugwa. Kunkabwera mozungulira mchombo ngati munthu akufinya chovala chonyowa, makamaka ndikangomaliza kudya. Mimba inkafufuma, mpweya osatuluka, kenako pakapita masiku angapo zonse zinkatha ngati sindinadwalepo. M'buku langa lolembamo za tsiku ndi tsiku ndinangolemba kuti nyemba za sabata imeneyo zinali zofumbwa. Kusukulu yogonera konko tonse timadandaula za nyemba, choncho sindinaone chachilendo.

Dzina langa ndine Asiyatu. Kwathu ndi ku Lirangwe, koma ndakulira ku Chileka kumene ababa amagwira ntchito yonyamula katundu pabwalo la ndege. Chaka chimene ndinasankhidwa kupita ku sekondale, pa sukulu yathu ya pulayimale mtsikana wosankhidwa ndinali ndekha, ndipo ababa anauza aliyense kuntchito kwawo, ngakhale alonda a pageti. Ndikunena zimenezi kuti mumvetse chimene ndinkaopa kutaya. Lamulo tonse timalidziwa. Mtsikana akapezeka ndi pathupi amachotsedwa sukulu, ndipo sabwereranso.

Pa holide ya Disembala amayi anapita nane kuchipatala chaching'ono cha kufupi ndi kwathu ku Chileka. Ulendo woyamba anandipatsa mankhwala oyera amadzimadzi a m'botolo. Ulendo wachiwiri anayeza chimbudzi n'kupeza njoka za m'mimba, ndipo ndinasangalala kuti matenda apezeka. Ndinamwa mankhwala, njokazo zinatuluka, ndinabwerera kusukulu ndili wopepuka mtima.

Mu temu yachiwiri kupweteka kunabweranso, ndipo kunabwera ndi zina. Madzulo aliwonse nthawi ya sitade thupi linkatentha, m'mawa n'kudzuka bulangete litanyowa ndi thukuta. Sabata ina ndinkatsegula m'mimba, sabata ina osapita kuchimbudzi n'komwe. Chakudya ndinkagawira anzanga. Manja ndi khosi zinkaonda, koma mimba yokha inkakula, ndipo tsopano sinkaphwanso ngati kale. Mu Febuluwale sindinapite kumwezi. Mu Malichi chimodzimodzi.

Ndinkadziwa bwino lomwe kuti sindinagonepo ndi mwamuna. Koma ndinkadziwanso mmene mtsikana wotupa mimba, wosadya, wosiya kupita kumwezi amaonekera pamaso pa anthu. Ndinang'amba chitenje chakale n'kupanga lamba wautali. M'mawa uliwonse kubafa ndinkazunguliza lambayo pamimba n'kumanga zolimba, kenako n'kuvala yunifomu pamwamba. M'kalasi ndinkapuma movutika, koma palibe ankandiyang'ana. Ndinkaganiza kuti ndikafika pa holide ndidzapitanso kuchipatala, zonse zidzatha mwakachetechete.

Sizinatheke pa holideyo chifukwa amayi anali ku maliro ku Mdeka, ndipo ababa sindikanatha kuwauza za kumwezi. Titatsegulira temu yachitatu kumapeto kwa Epulo, belu linalira nthawi yachilendo. Pa sukulu yathu atsikana onse amayezedwa pathupi mosachenjeza. Timaima pamzere panja pa chipinda cha odwala, mmodzimmodzi n'kulowa kukagona patebulo, amatironi n'kumafinya mimba ndi manja. Ndinalibe mpata womasula lamba uja. Nditagona patebulo amatironi anakweza bulauzi, anaona chitenjecho, manja awo anaima.

"Wamanga miyezi ingati?"

Ndinawauza kuti ndikudwala, kuti mimba imandipweteka kuyambira Novembala.

"Onse amene ndinawapeza atamanga chonchi ankadwalanso," anatero. "Mwini wake ndani? Ndi wa pano kapena wa kwanu?"

Apa m'pamene ndinazindikira kuti ndachita ndendende zimene atsikana oyembekezera amachita pobisa. Chitenjecho chinapita ku ofesi ya ahedi ine ndisanafike. Ahedi sanakalipe. Anati ndipite kunyumba, ndipo ngati ndikunena zoona miyezi idzaonetsa. Anawonjezera kuti malo anga awasunga mpaka tsiku lotsekera chaka mu Julaye. Likadzadutsa tsikulo popanda umboni, dzina langa lidzafufutidwa ndipo malowo adzapatsidwa kwa wina.

Ababa anabwera kudzanditenga. Titafika ku Chileka sindinagone masiku ambiri, ababa anaganiza zoti ine ndi amayi tipite ku Lirangwe kwa azakhali, kuti anthu a m'malayini a ogwira ntchito pabwalo la ndege asandione. Tsiku lina tikusenda chinangwa kuseri kwa nyumba amayi anandifunsa motsitsa mawu.

"Asiyatu, undiuze ine ndekha. Abambo ako sindikawauza lero."

Ndinayankha kuti palibe choti ndinene. Amayi anayang'ana mimba yanga, kenako anapitiriza kusenda.

Kwathu nkhani ya pathupi sathamangira nayo. Akuluakulu amati dikirani, chili m'kati chidzaonekera chokha. Choncho aliyense anadikira. Azakhali anayamba kale kufunsa za anamkungwi oti adzandilangize, monga amachitira ndi mtsikana wa pathupi poyamba. Anandiletsa mazira ndi kuima pakhomo. Ndikalira ndi ululu ankati mwana akutembenuka. Ine ndinkawerenga mabuku awiri amene ndinabwera nawo, koma maso ankachita chidima ndisanamalize tsamba.

Kumapeto kwa Meyi ndinawaumiriza amayi kuti tipite kuchipatala cha ku Lirangwe. Bambo wolondolera anthu pakhomo anangondiyang'ana kamodzi n'kundilozera mzere wa sikelo ya amayi oyembekezera. Ndinati ndabwera ku mzere wa odwala.

"Manyaziwo mukanachita tsiku lomwe lija, asisi. Khalani uko."

Ndinakhala pabenchi pakati pa amayi a mimba zazikulu. Mmodzi anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Mwana ameneyu akukudyanitu. Mudzabereka chimphona inu mutatsala mafupa." Ena anaseka. Namwino anandigoneka, anaika kachitsulo konga fanulo pamimba n'kumvetsera nthawi yaitali. Sanamve kugunda kwa mtima wa mwana. Anati mwina akadali wamng'ono kapena wagona moipa, ndibwerenso mwezi wamawa. Anandipatsa mapiritsi owonjezera magazi.

Juni ndinamutha ndili pamphasa. Kuzizira kwa mwezi umenewo kunkandilowa m'mafupa, koma madzulo thupi linkatentha ngati mbaula. Mimba inalimba, khungu lake linkanyezimira, mchombo unatuluka. Ndikatembenuka ndinkamva chinachake chikukhuthukira mbali ina. Kupita kuchimbudzi ndinkachita kugwira khoma. Tsiku lotsekera sukulu linkayandikira, ndipo umboni umene ahedi ankafuna sunali kubwera kuchokera kulikonse.

Titabwerera ku sikelo kumayambiriro kwa Julaye tinapeza namwino wina. Nayenso anamvetsera ndi kachitsulo kaja osamva kanthu. Kenako anaika dzanja mbali imodzi ya mimba, n'kugogoda mbali inayo ndi chala. Anabwereza kangapo. Anandifunsa kuti kutentha thupi kunayamba liti, ndipo aka kanali koyamba munthu kundifunsa za matenda m'malo mondifunsa za mwamuna.

"Mayi, muno muli madzi," anauza amayi. "Mwana sindikumupeza. Musagonenso kunyumba, mawa mukafike kuchipatala chachikulu ku Blantyre."

M'mawa mwake azakhali anandikweza panjinga mpaka pa siteji ya basi. Pamenepo panali achinyamata a malaya ofiira akuona makadi a chipani, chifukwa popanda khadi munthu sakwera basi. Amayi anaonetsa lawo, ine ndinaonetsa langa. Mmodzi wa anyamatawo analoza mimba yanga ndi ndodo yake.

"Nanga la uyu ali m'katiyu?"

Basi inali italiza kale injini. Ndinkayembekeza kuti amayi angokhala chete monga ankachitira miyezi yonseyi. Koma anayankha mokweza, anthu onse pa siteji akumva.

"Muno mulibe mwana. Mwana wanga akudwala."

"Ndiye muli chiyani, amayi, maungu?"

Anthu ena anaseka, ena anayang'ana kumbali. Kondakitala ankamenya chitseko kuti tifulumire. Amayi anamasula pangodya ya chitenje n'kugula khadi lachitatu kuti basi isatisiye. Titakhala pampando anang'ung'udza kuti, "Ndagulira madzi khadi." Kenako anandikokera mutu paphewa lawo. Ndinalira mpaka ku Lunzu, koma osati chifukwa cha ululu.

Kuchipatala chachikulu tinaima pamzere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Anandigoneka mu wodi ya amayi, poyamba pansi pakati pa mabedi awiri chifukwa malo anali atadzaza. Amayi ankagona panja ndi magadiyani anzawo, n'kumalowa belu la chakudya likalira. Tsiku lililonse linali ndi zake. Anatenga mkodzo, anatenga magazi, anandiyeza pasikelo, anandijambula chifuwa. Tsiku lina makina ojambulira anali atawonongeka, tinabwerera mu wodi titadikira theka la tsiku. Kenako dokotala anabwera ndi jakisoni wamkulu, anabaya pambali pa mimba n'kukoka madzi achikasu ngati tiyi wosuluka wopanda mkaka. Anadzaza botolo, ena anatumiza kukayeza. Madzulo amenewo ndinapuma bwino koyamba patapita miyezi.

Zotsatira zinachedwa. M'mawa uliwonse madokotala akamazungulira ndinkakhala tsonga, iwo n'kuwerenga pepala la kumiyendo kwa bedi, n'kudutsa. Ndinafunsa namwino wina ngati mkodzo waonetsa kanthu, anati zonse adzanena ndi adokotala pamodzi. Mayi amene anagona bedi loyandikana nane anamwalira Lachisanu, anamukulunga m'nsalu ife tikuona. Ndinayamba kuopa zinthu ziwiri nthawi imodzi, imfa ndi kufufutidwa kwa dzina langa kusukulu, ndipo sindinkadziwa chimene chifike poyamba.

Sabata yotsekera sukulu itayamba, dokotala uja anaima pabedi langa n'kuitanitsa amayi. Anafunsa ngati kunyumba kunali munthu amene anatsokomola nthawi yaitali. Amayi anatchula amalume anga amene anabwera kuchokera ku migodi ya ku Joni akudwala chifuwa, n'kumwalira chaka chapitacho. Pa holide ndine ndinkawapititsira phala ndi kuwasesera m'chipinda.

"Pathupi alibe," anatero dokotala. "Ndi TB. Anthu amaidziwa ya m'chifuwa yokha, koma imagwiranso matumbo, ndiyo imadzaza madzi chonchi ndi kuimitsa kumwezi. Imachizika. Koma mwachedwa naye kwambiri, matumbo akanatha kutsekeka."

Amayi anatumiza uthenga ku Chileka tsiku lomwelo. Ababa anafika madzulo ali m'ovolosi ya kuntchito. Anaima nthawi yaitali kumiyendo kwa bedi akuyang'ana manja anga. Anapita kukalankhula ndi dokotala, atabwerera anangondifunsa kuti, "Sukulu akutsekera liti?" Ndinati Lachisanu. M'mawa mwake sanapite kuntchito, anakwera basi ya kusukulu.

Ahedi anamva zonse, koma anati atumiza munthu kuti akaone yekha. Lachinayi masana, atandisamutsira kale ku wodi ya odwala TB, ndinaona amatironi akulowa, akuyang'ana bedi ndi bedi. Anandidutsa osandizindikira, mpaka ndinachita kuwaitana. Analankhula ndi asisitala a mu wodi kwa kanthawi, kenako anabwera kudzakhala m'mphepete mwa bedi langa.

"Waonda, mwana iwe," anatero. "Sutikesi yako ndinaitsekera m'sitolo. Mabuku ako onse otsala ali momwemo. Ukadzabwera mu Okutobala udzatenge kiyi kunyumba kwanga."

Sanapepese, ndipo ine sindinayembekezere kuti apepese. Dzina langa silinafufutidwe.

Ndinakhala m'chipatala miyezi iwiri ndikubayidwa jakisoni m'mawa uliwonse. Matako anauma mpaka namwino ankachita kusakasaka pobaya, ndipo nthawi zina m'makutu munkalira ndikaimirira. Pamodzi ndi jakisoniyo ndinkamwa mapiritsi. Kutentha thupi kunasiya poyamba, kenako njala inabwera yoopsa, moti ndinkamaliza chakudya changa n'kumayang'ana cha amayi. Mimba inaphwa pang'onopang'ono. Azing'ono anga awiri anawayezanso, mwamwayi sanawapeze ndi matendawa.

Panopa ndili kusukulu, ndikubwereza Fomu 3. Mapiritsi ndikumwabe tsiku ndi tsiku, ndipo ndimakatenga ena mwezi uliwonse kuchipatala cha ku Chileka. Dokotala anandichenjeza kuti ndisasiye ngakhale ndikumva bwino, mpaka iwo adzanene. Kumwezi ndinayambiranso mu Disembala. Ndikadya kwambiri pamimba pamakoka pang'ono, koma ululu uja sunabwerenso. Netiboli sindinayambe, ndimangoimba nawo m'mbali mwa bwalo. Ku Lirangwe alipo anthu amene mpaka lero amanena kuti ndinakachotsa pathupi ku Blantyre. Amenewo ndawasiya, chifukwa ndili ndi mayeso oti ndikonzekere, ndipo ndikufuna kudzaphunzira unamwino Mulungu akalola.

Kwa atsikana anzanga ndikuti, mimba ikamapweteka mobwerezabwereza, ikamafufuma, thupi likutentha madzulo ndiponso mukuonda, musabise. Nenani zonse kuchipatala, ngakhale za kumwezi zimene timachita nazo manyazi. Mankhwala oyamba akapanda kuthandiza bwereraninso, ndipo mupemphe kuti akutumizeni kumene angakuyezeni mokwanira. Kwa makolo ndi aphunzitsi ndikupempha chinthu chimodzi. Mwana akanena kuti sakudziwa chimene chikumutupitsa, mwina akunena zoona. Pitani naye akamuyeze tsiku lomwelo, mafunso enawo mudzamufunsa pobwerera.