Khutu limene atate anasiya pabutchala

Kwathu ku Matero, wofuna kulankhula ndi atate ankazungulira kumanja. Khutu lakumanzere linafa ine ndisanabadwe, m'chaka chimodzi cha ulamuliro wa azungu, chimene atate ankangochitchula kuti chaka cha nyama.

Nthawi imeneyo munthu wakuda ankagula nyama kubutchala kudzera pakawindo kam'mbali, yokulungakulunga kale, mafupa okhaokha. Chaka chimenecho anthu anakana kugulira pakawindopo. Atate, amene ankaphikira mzungu wina n'kupatsidwa dzina lachizungu lakukhitchini, analowera pakhomo lakutsogolo n'kuloza nyama ndi chala. Wapolisi anawamenya ndodo pakhutu. Ntchito inathera pomwepo, ndipo moyo wawo wonse anakhala akukonza nsapato pamsika.

Chaka chilichonse, nyengo yokumbukira ufulu ikafika, wailesi inkafotokoza za chaka cha nyama chija: bwanamkubwa amene analipo, mzungu wina amene ankayendayenda m'tchire kujambula mapu, atsogoleri amene anamangidwa. Atate ankavala jekete, n'kugunditsa khutu lamoyo lija pawailesi, kudikira dzina lawo. Ine zinkandikwiyitsa koopsa. Ndinkawauza mosabisa kuti anthu amenewo sakuwadziwa, ndipo sadzawadziwa, kuli bwino tisunge mabatire. Iwo ankangoti mndandanda ndi wautali, chaka chamawa.

Atakalamba, khutu linalo linatsekekanso. Koma nyengo ija itafika, wailesi anaitsegulabe, jekete litavalidwa, likuwakhwepa m'mapewa. Popeza sankamva kanthu, ankayang'ana nkhope zathu. Mayina anatchulidwa, omwe aja a chaka ndi chaka, nyimbo n'kuyamba.

“Anditchula?” anandifunsa.

Ine pakamwa panga sipachedwa, koma tsiku limenelo ndinangoyang'ana wailesi. Amayi ndi amene anasendera pafupi, nagwedeza mutu mwamphamvu kuti inde. Ndinawayang'ana amayi, iwo osandiyang'ana.

Atate anaika manja pamawondo. Kenako anafunsanso, mokweza monga amachitira anthu osamva:

“Dzina liti? Lakwathu, kapena lija la kukhitchini?”

Amayi anadziguguda pachifuwa, n'kuloza kum'mawa, kumudzi kwathu.

Atate anatseka wailesi okha, navula jekete, nalipinda bwinobwino. Sanaitsegulenso mpaka tsiku limene tinawanyamula kupita nawo kumanda. Ndimamvabe chisoni ndikakumbukira mmene anasekerera tsiku lija, ndipo nyengo imeneyi ikafika, m'nyumba mwanga wailesi siilira.