Waya wa Monita

M'zaka za m'ma 1980 ndinali wa zokuzira mawu m'gulu lina loyimba m'maukwati a ku Soweto. Woyimba wathu wamkulu anali bambo wina wa ku Machinga amene anatha zaka zambiri akuboola miyala mumgodi. Mawu anali nawo, koma makutu anawasiya pansi komweko.

Patsogolo pa mapazi awo ndinkaika monita, kasipika koyang'ana woyimba kuti azidzimva. Nyimbo ikangoyamba, chala m'mwamba. "Kweza, mphwanga, sindikudzimva." Ndinkakweza mpaka maikolofoni iyambe kulira, kulira kwake kochititsa mano dzanzi, anthu atagwira makutu. Mwini gulu anandiuza mosapsatira mawu: "Madalawa akadzangophonya nyimbo kamodzi, akapume." Kupumako kunali kukakhala duu m'kachipinda kawo ka kuseri kwa nyumba ya eni, okhaokha.

Ndiye ndinachita zimene ife a ntchitoyi timachita koma sitiulula. Pa mikisa, makina osakanizira mawu, panali batani lina losalumikizidwa kulikonse. Akaloza m'mwamba, ndinkapotokola lomwelo, nkhope ili gwa, iwo n'kugwedeza mutu. Manyazi ndinali nawo, koma ndikanatani?

Loweruka lina, dzuwa likuswa mtengo, tinayimba muholo ina yafumbi pafupi ndi njanji. Tsiku limenelo chala sichinakwere. Anayimba mokoma kuposa masiku onse, atapendeketsa mutu kumonita. Akamaliza mzere ankadikira kaye pang'ono, akumwetulira, ngati akupatsa mpata wina kuti avomereze. Ndinavala mahedifoni kuti ndimve zolowa m'maikolofoni yawo. Munali mawu awo okha ndi kupuma kwawo.

Ukwati utatha ndinapita kukapinda mawaya. Waya wa monita yawo unali pansi, womangamanga monga ndinausiyira sabata yatha. Ndinali nditaiwala kuulumikiza m'mawa. Kasipikako sikanatulutse mawu tsiku lonse.

Ndili chiweramire, madala aja anandigwira paphewa.

"Lero wakonza bwino, mphwanga. Ndawamva onse."

"Oyimba anzanuwa, abambo?"

"Ayi, awa amangokuwa. Ndikunena anzanga a pashifiti, aja thanthwe linawatsekera pansi. Amavomereza bwino zedi. Sabata yamawa usasinthe kanthu, wamva?"

Ndinabisa wayawo kumbuyo n'kuyankha kuti ndamva.

Loweruka lotsatira ndinaima nthawi yaitali, nsonga ya waya ili m'manja. Ndinkaopa kuusiya wosalumikiza, koma ndinkaopanso kuwalanda munthu wamkulu zimene ankamvazo, n'kumadzawaona akuphonya nyimbo pamaso pa mwini gulu. Ndinaukankhira kuseri kwa sipika osaulumikiza.

Anayimba nafe zaka zina ziwiri osaphonya ngakhale kamodzi. Monitayo ndinkainyamula ndine, kuitsitsa m'galimoto ndi kuiika pamapazi awo, koma nthawi zonse nditatembenuza mutu. Khutu langa sindinaliyandikitsepo.