Nthambo ya Mayi Ukhondo

Inu amene mukuwerengera mayeso mpaka mutu kutentha, tamvani za mtsikana wina amene anaimitsa bizinesi ya mlamu wake chifukwa chokonda ukhondo.

Mtsikanayu atasowa malo ku koleji anakakhala kwa mkulu wake. Mwamuna wa mkulu wakeyo anali ndi shopu ya intaneti ndi fotokope, ndipo anamupatsa ntchito yosesa ndi kupukuta makompyuta.

Tsiku lina m'mawa, akusesa kuseri kwa tebulo, anaona nthambo ikulendewera. Mbali imodzi inali yolowetsedwa mu swichi, kabokosi ka timabowo tambiri kamene kamalumikiza makompyuta onse. Mbali inayo inali pansi, m'fumbi. Zinamunyansa. Anaipukuta bwinobwino n'kuilowetsa pabowo lina la kabokosi komweko. Pamalopo panaoneka bwino zedi.

Timagetsi ta swichi tinayamba kuphethira tonse pamodzi ngati tapenga. Intaneti inaima pa makompyuta onse. M'shopumo munali mutadzaza anthu otumiza makalata ofunsira ntchito, ndipo tsiku lotsekera linali lomwelo. Bambo wina wa tayi anayamba kumenya kiyibodi. Mlamu uja anazimitsa chilichonse n'kuyatsanso, kenako anaimbira foni a kampani ya intaneti n'kuwalalatira mpaka mawu kusasa. Makasitomala anawoloka msewu kupita ku shopu ina.

Masana kunabwera mayi wina, mmisiri wa netiweki, atakolekera chikwama cha zida. Anayang'ana timagetsi tija, anagwada, n'kuzula nthambo imodzi. Zonse zinadzuka.

"Ndani anakonza kuseri kuno?" anafunsa mmisiriyo.

Mtsikana uja anali ataima pomwepo, tsache lili m'manja.

"Kuyambira lero, Mayi Ukhondo, musakhudzenso nthambo iliyonse muno," anatero mlamu wake. "Ngakhale ya ketulo. Mwezi ukatha mubwerere kwa amayi anu, muzikasesa kumeneko. Kulibe intaneti yoti muphe."

Dzinalo linamumatirira pomwepo. Iye anatuluka misozi ili mbwembwembwe, n'kutsatira mmisiri uja panja.

"Amayi, ndiuzeni. Ndalakwa chiyani kwenikweni?"

"Unapanga kuti kabokosi kazidziyankhula kokha," anayankha mmisiriyo. "Uthenga ukatuluka pabowo ili ukulowa pa ilo, n'kutulukanso utachulukana. Zili ngati miseche. Mapeto ake palibe amene akumva mnzake." Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ena akanathawa, iwe ukufunsa. Pali mayeso oyambira a za netiweki. Ukabwera ndi satifiketi yake, ndidzakulemba ntchito."

Kunyumba, mkulu wake anachonderera mwamuna wake kuti mtsikanayo akhalebe mpaka alembe mayesowo.

"Chabwino," anatero mlamu uja. "Koma akalephera, chikwama chake ndidzanyamula ndekha mpaka kokwerera basi."

Kuwerenga kunayamba, ndipo kunali kowawa. Maphunziro ankaonera pafoni yong'ambika galasi. Mayeso oyeserera oyamba anapeza malikisi ochepa kwambiri moti anaganiza kuti foniyo yawonongekeratu. Anabwereza. Foni inalibe vuto.

Chimene chinamuzunza kwambiri ndi masamu ogawira makompyuta manambala awo, kuti iliyonse ikhale ndi adiresi yakeyake. Atasowa poyeserera, analanda chingwe choyanikira zovala. Mapegi anasanduka makompyuta, beseni n'kukhala swichi. Mkulu wake atatuluka ndi zochapa anapeza chingwe chonse chili ndi eni ake.

"Asisi, musayanike apo! Adiresi imeneyo ndapatsa kale printa."

"Ndiye malaya a alamu ako ndiyanike pamutu pako?"

Mmisiri uja anamupatsa zidutswa za nthambo ndi pulayala yakale kuti aphunzire kumanga mitu yake. M'nthambo iliyonse muli timawaya tamitundumitundu, ndipo tili ndi ndondomeko yake. Ukasemphanitsa kamodzi, wadula n'kuyambiranso. Mayi Ukhondo ankayenda m'nyumba akunong'ona mitunduyo: yoyera ndi olenji, olenji, yoyera ndi yobiriwira, buluu. Mkulu wake anamupeza kukhitchini maso ali otsinzina, milomo ikugwedera, ndipo anadikira mwaulemu kuti anene "Ameni". Sananene.

Kushopu lamulo linali lomwe lija. Akafika ndi tsache pafupi ndi swichi, mlamu wake ankatsokomola. Iye ankangoima chapatali, manja kumbuyo, akuwerenga timagetsi ngati mmene namwino amayang'anira wodwala wa mwini.

Pang'ono ndi pang'ono malikisi a pafoni anayamba kukwera. Anatsikanso. Anakweranso.

Tsiku la mayeso, mlamu wake anatulutsa chikwama chija n'kuchiika pakhomo. "Ndikungochiwombetsa mphepo," anatero.

M'chipinda cholembera munali zii, aliyense maso pa kompyuta yake. Mafunso oyambirira anali ovuta zedi. Manja anatuluka thukuta, ndipo anayamba kuona basi ija m'maganizo. Kenako panabwera funso lofunsa chimene chimachitika nthambo imodzi ikalowetsedwa mbali zonse ziwiri mu swichi yomweyo, yopanda chitetezo.

Mayi Ukhondo anaphulika kuseka. Woyang'anira mayeso anamuloza ndi cholembera.

"Pepani, bambo," ananong'ona. "Funso limeneli ndi m'bale wanga."

Mantha anathera pomwepo. Mafunso otsalawo anawayankha modekha, mapegi aja akuoneka m'mutu mwake pamzere. Atamaliza, kompyuta inaonetsa kuti wakhoza. Sanakhoze mochititsa kaso ayi, koma satifiketi salembapo kuti munthu anatuluka thukuta lochuluka bwanji.

Mmisiri uja anasunga mawu ake. Chikwama chinabwerera kuchipinda, ndipo mlamu anauza makasitomala onse kuti lusoli analitulukira ndi iyeyo.

Patapita miyezi, foni ya Mayi Ukhondo inalira ali pamakwerero kuntchito. Anali mlamu wake, mawu ali ofewa ngati thonje. Intaneti inali itaimanso, ndipo makasitomala anali atayamba kuyang'ana kutsidya kwa msewu. Popeza wosesa anali atachoka, mwini shopu ankasesa yekha.

Mayi Ukhondo anafika atakolekera chikwama cha zida. Anayang'ana timagetsi, n'kuima chapatali, manja kumbuyo.

"Alamu, mwandilola kukhudza nthambo?"

"Khudzani, mayi. Khudzani zonse. Ndi ya ketulo yomwe."

Anagwada, n'kuzula nthambo imodzi. Zonse zinadzuka.

"Ndani anakonza kuseri kuno?" anafunsa.

Mlamu wake anakankhira tsache kuseri kwa chitseko ndi phazi.

Inu amene mwalakwitsa anthu akuona, amene akupatsani dzina lokusekani, musathawe. Funsani chimene mwalakwitsa, muchiphunzire mpaka chikuzolowereni. Mwina mudzachipeza chikukudikirani pa mayeso. Osataya mtima, ngakhale chikwama chanu chili kale pakhomo.