Mapeyala a Yusufu Anathera pa Nayuchi

Ndinanyamuka Lachiwiri m'mawa kwa malemu mng'ono wanga Yusufu, tsidya la Mozambiki, sadaka ya arobaini, ya tsiku la makumi anayi chimwalirire, itatha. Mlamu anandithyolera mapeyala dengu lodzaza, a mumtengo umene Yusufu anabzala yekha. "Kapatseni amayi. Maliro sanawaone, akalaweko za mwana wawo."

Cha m'ma teni ndili pachipata cha malire pa Nayuchi, wazaulimi wina kundiimitsa, kutulutsa kampeni, kuyamba kudula mapeyala. Peyala loyamba, bwinobwino. Lachiwiri, bwinobwino. Lachitatu, kambozi kofiirira kali phee pafupi ndi nthanga.

"Madala, onsewa akutsala."

"Chifukwa cha kambozi kamodzi? Patseni, ndidya ndekha limenelo!"

"Kameneka kamasanduka kagulugufe kouluka usiku. Kakakaikira mazira kwanu, mitengo ya mudzi wonse yapita. Sitikudziwa ngati n'kachilendo kapena n'kakonkuno. Tikakayeze kaye."

Sakudziwa! Munthu wasukulu, sakudziwa, koma walanda. Ndinatukwana, sindibisa. Ndinamuuza za Yusufu. Anavula chipewa, akuti pepani, kenako kambozi kaja kukaika m'kabotolo mosamala ngati khanda. Kambozi kokakwera galimoto, mapeyala a m'bale wanga m'dzenje. Ndinapempha nthanga imodzi yokha. Iyayi.

Matola mpaka pa Nsanama, faifi sauzande, titakhalira matumba a mpunga, fumbi mpaka m'mano. Mayi wina poona dengu lopanda kanthu akuti, "Geni yayenda bambo, mwagulitsa zonse!" Pa Nsanama ndinagula chinangwa chootcha, n'kupitiriza ulendo.

Pa Liwonde cha m'ma thuu, minibasi ikudikira kudzaza, munthu wina anafika pawindo ndi beseni la mapeyala a ku Zomba. Ndinagula asanu. Musandifunse.

Ku Balaka ndinakwera kabaza mpaka kwathu kwa Nsamala. Wakabazayo nkhani zake zampira njira yonse. Amayi ndinawapeza pakhonde. Maso awo anachita khungu kalekale, anandidziwa nditatsokomola.

"Wanditengera chiyani cha mwana wanga?"

Ndinawaika peyala m'manja. Analisisita, kulinunkhiza, kuligwedeza pakhutu.

"La mumtengo wake?"

"Ee, amayi."

Anadya theka, misozi ikugwera momwemo. Nthanga anaimanga pansonga ya chitenje. "Mawa undikumbire dzenje kuseri. Ndikafa muzidzati mtengo wa Yusufu."

Ndinakumba. Unamera.

Mwina wazaulimi uja ankanena zoona, kaya. Mitengo ya m'mudzi mwathu ikubereka bwino, ndipo iye amagona tulo. Ine ndi amene m'mawa uliwonse ndimanyamula ndowa kukathirira bodza langa, amayi ali pambuyo ndi ndodo yawo: "Yusufu lero ali ndi masamba angati?"